Ndalama Imene Inamenya Nkhondo N'kusanduka Chitonzo



Ndiyambe ndi galu. M'mwezi wa Meyi 1781 nyuzipepala ina ya ku New York inalemba kuti mumzinda wa Philadelphia anthu anagwira galu, n'kumupaka phula thupi lonse, n'kumumata ndalama zamapepala, n'kumayenda naye m'misewu khamu likukuwa pambuyo. Ena m'khamulo anali atasomeka ndalama zomwezo pazipewa ngati nthenga. Ndikuchenjezeni msanga kuti nyuzipepalayo inali ya James Rivington, munthu amene ankasindikiza zokomera mfumu ya ku Britain, ndiye n'kutheka kuti anathirako mchere. Komabe galu akhalepo kapena asakhalepo, mwezi umenewo ndi umene ndalamazo zinalekeratu kuyenda pamsika. Wogulitsa ufa ankaziyang'ana n'kupukusa mutu.

Ndalamazo dzina lake linali Continental, ndipo zinasiyira anthu a ku America mawu amene mpaka lero amamveka pakamwa pa achikulire. Akafuna kunyoza chinthu kuti n'chachabechabe amati "not worth a Continental", kutanthauza kuti chinthucho chikuchepera ndi Continental yomwe. Ifenso timati munthu alibe ndi tambala yomwe, kapena khobidi lomwe. Koma pali kusiyana. Tambala inabadwa ili yaing'ono, ndipo palibe amene anaidalira kuti imugulira ng'ombe. Continental inabadwa ili dola yathunthu, yolembedwa kuti ndi yofanana ndi siliva, ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi zokha inafika pomatidwa pa galu. Madzulo ano ndikufuna tione mmene zinayendera, makamaka tione amene analipira, chifukwa mawu achitonzo aja amaloza chala pepala n'kubisa anthu amene pepalalo linawafera m'manja.

M'chaka cha 1775 kunalibe dziko lotchedwa United States. Kunali madera 13 ondandalika m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, okhala ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, onse pansi pa mfumu George III. Mkangano wawo ndi Britain unali wa msonkho. Mu 1765 anakana msonkho wa masitampa, mu 1773 anataya tiyi m'nyanja padoko la Boston, ndipo mfundo yawo inali imodzi: nyumba ya malamulo ya ku London, mmene iwo analibe woimira, isawadule msonkho. Pa 19 Epulo 1775 mfuti zinalira ku Lexington ndi ku Concord. Pa 10 Meyi nthumwi za maderawo zinakumana ku Philadelphia pamsonkhano umene unkatchedwa Continental Congress, ndipo posakhalitsa zinasankha George Washington kukhala mkulu wa asilikali.

Walira mvula walira matope. Asilikali amadya, amavala nsapato, amafuna onga, akavalo, ngolo ndi mabulangete. Congress inalibe nkhokwe, inalibe banki, ndipo choopsa kwambiri inalibe mphamvu yodula msonkho. Inkangopempha madera, madera n'kumapereka akafuna. Taganizaninso: anthu angonyamula mfuti chifukwa chokana msonkho, ndani akanalimba mtima kuwayendera khomo ndi khomo ndi buku la msonkho m'manja? Ndiye pa 22 Juni 1775 nthumwizo zinagwirizana zosindikiza madola 2 miliyoni apepala.

Tisafulumire kuwaseka anthuwa ngati mbuli. Ndalama zamapepala ankazidziwa kale. Massachusetts inazisindikiza mu 1690 pofuna kulipira asilikali ochokera ku nkhondo ya ku Quebec, ndipo Pennsylvania inayenda nazo bwino kwa zaka zambiri kuyambira 1723. Chinsinsi chake anachidziwanso. Ndalama yapepala ili ngati madzi a kudimba: polowera pakhale, potulukira pakhalenso. Boma limatulutsa pepala pogula zinthu, kenako limalibweza kudzera mumsonkho n'kuliwotcha. Munthu amalandira pepalalo mosakayika chifukwa akudziwa kuti wamsonkho akabwera adzamupatsa lomwelo. Congress inakonza zomwezo. Dera lililonse linagawiridwa mbali yake yoti lidzatolere ndi kubweza, m'magawo anayi, kuyambira Novembala 1779. Onse ankayesa kuti pofika nthawiyo nkhondo idzakhala itaiwalika kalekale.

Pa pepala lililonse panalembedwa lonjezo lakuti mwini wake ali ndi ufulu wolandira madola asiliva a ku Spain ochuluka mwakuti, kapena golide ndi siliva wofanana nawo. Dola ya ku Spain imeneyi, yosulidwa ku Mexico ndi ku Potosí, ndiyo inali ndalama yodalirika m'madera onsewo. Tsono mvetsani: tsiku limene ankasindikiza lonjezolo, siliva wolikwaniritsira analibe. Pepala linkaimira msonkho wa m'tsogolo, wotoledwa ndi maboma ena, nkhondo ikadzatha, ndiponso ngati adzapambane. Pakadapambana mfumu, pepala lililonse likadasanduka umboni wa kuukira.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa mapepalawa anali okongola ndipo ine amandisangalatsa. Ankasindikizidwa ndi kampani ya Hall and Sellers ku Philadelphia, imene kale inali ya Benjamin Franklin. Kumbuyo kwa ambiri kunali chithunzi cha tsamba lenileni la mtengo. Luso limeneli analiyambitsa ndi Franklin: amatenga tsamba, n'kuumbirapo chikombole, mitsempha yonse ya tsambalo n'kutuluka pa pepala. Palibe masamba awiri ofanana, ndiye wakuba wojambula pamanja amavutika kutsanzira. M'pepalamo ankasakanizamo tiulusi tabuluu ndi timiyala tonyezimira, ndipo lililonse linkasainidwa ndi kulembedwa nambala pamanja. Panali la dola imodzi, la madola 3, la 7, la 8, ngakhale la gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a dola. Pofika 1779 anali akusindikiza la madola 80. Mukangoondoloza manambalawo, mbiri yonse mwaiwerenga kale.

Chaka choyamba zinayenda. Pakutha pa 1775 anali atatulutsa madola 6 miliyoni, ndipo anthu ankalandira dola yapepala ngati yasiliva. Koma nkhondo inakana kutha. Mu 1776 Washington anathamangitsidwa ku New York, mu 1777 Angerezi analanda Philadelphia yomwe, nthumwi n'kuthawira ku York. Madera aja m'malo motolera msonkho anayamba kusindikiza ndalama zawozawo, lililonse ndi makina ake. Potulukira madzi panatsekeka, polowera n'kuwonjezeka. Kumayambiriro kwa 1778 dola imodzi yasiliva inkagula zapepala zinayi kapena zisanu. Patatha chaka inkagula pafupifupi zisanu ndi zitatu. Pofika kumayambiriro kwa 1780 inkagula 40 kapena kuposa. Ndipo mitengo ikakwera, Congress inkayenera kusindikiza zochuluka kuti igule ufa womwe uja, zochulukazo n'kukwezanso mitengo. Pa madola pafupifupi 200 miliyoni amene anatulutsidwa, pafupifupi theka linatuluka m'chaka chimodzi chokha cha 1779.

Adani nawo anathandizira. Angerezi anaona kuti pepala ndilo linali msana wa oukirawo, ndiye anayamba kusindikiza zachinyengo, poyamba m'sitima yankhondo yotchedwa Phoenix padoko la New York. Mu Epulo 1777 nyuzipepala ya mumzindawo inafika polengeza poyera kuti aliyense wopita kumadera ena angathe kudzatenga ndalama zabodza za Congress, kulipira mtengo wa pepala lokha. Zinachuluka moti kumayambiriro kwa 1779 Congress inalamula kuti mapepala onse a deti la 20 Meyi 1777 ndi la 11 Epulo 1778 abwezedwe. Anthu ena amakonda kunena kuti chinyengochi ndicho chinapha Continental. Ine sindikuvomereza. Chinavulaza ndithu, chifukwa wamalonda akayamba kutembenuza pepala lililonse ndi kuliunika padzuwa, chikhulupiriro chathawa. Koma makina a Congress okha anali okwanira kuimaliza ntchitoyo popanda thandizo la mdani.

Tsopano tipite kwa mlimi. M'nyengo yozizira ya 1777 mpaka 1778 asilikali a Washington, pafupifupi 12,000, anamanga misasa ku Valley Forge, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Philadelphia kumene Angerezi ankakhala m'nyumba zofunda. Pafupifupi 2,000 anafera pamenepo, ambiri ndi matenda, matupi atafooka ndi njala ndi chisanu. Chodabwitsa n'chakuti dzikolo silinali pa chilala. Pennsylvania inali ndi tirigu, ng'ombe ndi nkhumba. Koma mlimi akatulutsa ngolo yake pamsewu ankasankha pakati pa njira ziwiri. Kumsasa wa Washington akalandira pepala, kapenanso kalata chabe yolonjeza pepala. Kumzinda akalandira golide ndi siliva wa mfumu. Ngolo zambiri zinalowera kumzinda.

M'mabuku ena alimi amenewa amatchedwa adyera ndi osakonda dziko lawo. Ine ndimazengereza kuwaweruza. Munthu walima chaka chathunthu, ana akumuyang'ana, ndipo akudziwa kuti pepala limene alandire lero likafika nyengo yodzala lidzagula theka la mbewu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funso lovuta ndi la mlimi winayo, amene anakhulupirira ufulu n'kupititsa ngolo yake kwa Washington. Ameneyo ndiye analangidwa. Chikhulupiriro chake chinamusaukitsa, pamene mnzake wokayika uja analemera.

Boma likaona ndalama yake ikukanidwa, kawirikawiri limatenga chikwapu. Pa 11 Januwale 1776 Congress inagamula kuti aliyense wokana mapepalawa alengezedwe kuti ndi mdani wa dziko, ndipo anthu asachite naye malonda. Ena a mpingo wa Quaker, amene ankakana ndalamazo chifukwa chakuti zinali zoyendetsera nkhondo, anazunzika nalo lamuloli. Madera anakhazikitsanso mitengo ya boma ya mchere, ufa, nsapato ndi zina. Zotsatira zake mukuzidziwa ndi inu nomwe: katundu amachoka pashelefu n'kukagulitsidwa kuseri. Anthu anjala anayamba kusaka wolakwa, ndipo chala chinaloza amalonda. Pa 4 Okutobala 1779 gulu la asilikali am'mudzi okwiya ndi mitengo linazinga nyumba ya loya James Wilson ku Philadelphia, mmodzi wa anthu amene anasaina chikalata cha ufulu. Mfuti zinalira ndipo anthu angapo anafa, onse a mbali imodzi ya nkhondo.

Lamulo lina linatembenuza dziko chadodolido. Madera analamula kuti mwini ngongole alandire pepala ngati siliva, dola kwa dola. Ndiye munthu amene anakongola siliva 100 nkhondo isanayambe ankatha kugulitsa nkhumba zingapo, n'kutenga mapepala 100, n'kukafafaniza ngongole yonse. M'busa John Witherspoon, mkulu wa koleji ya ku Princeton amenenso anali nthumwi ku Congress, anafotokoza kuti nthawi imeneyo eni ngongole ndiwo ankathawa, okongola n'kumawathamangitsa kuti awalipire mopanda chifundo. N'zoseketsa mukaganiza za wakatapila akubisala kuseri kwa chitseko. Koma ambiri mwa eni ngongolewo sanali akatapila. Anali amayi amasiye amene amuna awo anawasiyira ndalama zokongoza kuti azidyera chiwongoladzanja, ana amasiye amene chuma chawo chinali m'manja mwa owasunga, abusa ndi aphunzitsi olandira malipiro okhazikika, ndi nkhalamba zimene zinagulitsa munda kuti zipumule.

Ndipo panali msilikali. Msilikali wamba ankalandira madola 6 ndi magawo awiri mwa atatu pamwezi, ngati walandira n'komwe, poti miyezi inkadutsa osaona kanthu. Pamene siliva imodzi inkagula mapepala 40, malipiro a mwezi wonse anali osakwana ndi kota ya dola yasiliva. Mu Epulo 1779 Washington analembera John Jay, amene ankatsogolera Congress, kuti ngolo yodzaza ndalama inkavutika kugula ngolo yodzaza chakudya. Pa 1 Januwale 1781 asilikali a ku Pennsylvania anagalukira akuluakulu awo kufupi ndi Morristown, n'kuyamba ulendo wokadzifunsira okha malipiro ndi ufulu wobwerera kwawo. Angerezi atamva anatumiza anthu awiri kukawanyengerera ndi ndalama zenizeni. Asilikali anjalawo anawagwira anthuwo n'kuwapereka, ndipo ananyongedwa. Amenewo ndiwo anthu amene ankalipidwa ndi Continental.

Dera la Massachusetts linayesako nzeru ina imene ife alimi a chimanga tingaimve msanga. Mu 1780 linapatsa asilikali ake makalata angongole omangiriridwa ku mitengo ya zinthu zinayi: chimanga, nyama ya ng'ombe, ubweya wa nkhosa ndi chikopa chosokera nsapato. Mitengo ya zinthuzi ikakwera, ngongole ya boma kwa msilikali inkakweranso. Boma lenilenilo linavomereza kuti muyeso woona wa thukuta la munthu ndi dengu la chimanga.

Franklin, ali ku France kopempha thandizo, ankaiona nkhaniyi mwa mtundu wina. Mu 1779 analembera mnzake Samuel Cooper wa ku Boston kuti ndalamayi inali ngati makina odabwitsa: imalipira ndi kuveka asilikali, imagula chakudya ndi zipolopolo, ndipo ikachulukitsa imadzilipira yokha mwa kutha mphamvu. Ankaona kugwa kwa ndalamako ngati msonkho. Pepala likakhala m'thumba mwako sabata imodzi n'kutsika pang'ono, pang'onopo ndiye msonkho wako. Ukalipereka kwa wina, nayenso amadulidwa yake mbali. Ndipo iye ankati msonkho wotero ngwachilungamo ndithu, poti ndalama zambiri zimadutsa m'manja mwa olemera.

Mbali yoyamba ya mfundoyi ndi yoona, ndipo ndiyo mtima wa nkhani yanga. Anthu amene anakana msonkho wa masitampa ndi wa tiyi analipira msonkho woposa pamenepo kutalitali, popanda wamsonkho, popanda lisiti, popanda nyumba ya malamulo kuuvomereza. Pepala lija linadyetsa asilikali pafupifupi zaka zisanu, nthawi imene kunalibe china chowadyetsera. Popanda ilo nkhondo ikadatha mu 1776, Washington n'kunyongedwa. Ndiye kunena kuti Continental inali yachabe ndi kusayamika.

Mbali yachiwiri ndiyo ndimakana. Wolemera sasunga pepala likugwa. Amamva nkhani msanga, amagula mchere, malo, nsalu ndi mowa, amakongola lero kuti adzabweze ndi zinyalala mawa. Amene amatsala nalo pepala ndi amene alibe pothawira: wolandira malipiro, wamasiye, wokhala kutali ndi msika, ndi wokhulupirika amene akuona kuti kulikana n'kupereka dziko. Msonkho wa Franklin unali ndi maso, ndipo unkasankha amenewa. Amene muli ndi abale ku Harare kapena ku Bulawayo simukufuna kuti ndikufotokozereni zambiri. Mukukumbuka 2008, ndi pepala la madola 100 thililiyoni limene linatuluka mu Januwale 2009, ndiponso mukudziwa anthu amene anagwira ntchito zaka 30 kumigodi ndi kumafamu penshoni yawo n'kusungunuka ngati mchere m'madzi. Kumeneko kunalibe nkhondo ya ufulu yoti n'kupepesera nayo, koma odulidwa anali amtundu womwewo.

Mapeto anadza mofulumira. Mu Sepitembala 1779 Congress inalonjeza kuti sidzapitirira madola 200 miliyoni, ndipo inalembera anthu kalata yowatsimikizira kuti dziko lomenyera ufulu silingachite manyazi okana ngongole yake. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, pa 18 Malichi 1780, Congress yomweyo inalengeza kuti mapepala 40 aziwerengedwa ngati dola imodzi yasiliva. Ndi cholembera chokha ngongole ya 200 miliyoni inatsika kufika 5 miliyoni. Nduna ya ku France, Vergennes, inadandaula kuti amalonda a kwawo aberedwa, John Adams, nthumwi ya America, n'kuyankha mouma kuti mlendo sangakonderedwe kuposa mwini dziko, ndipo awiriwo anayambana. Pamsika anthu anamva uthenga umodzi wokha: wolonjeza wabweza mawu. Chaka chotsatira pepala linkasinthidwa mazanamazana pa siliva imodzi, mpaka linafika pa galu uja.

Nkhondo inamalizidwa ndi ndalama zina. Robert Morris, wamalonda wolemera wa ku Philadelphia, anapatsidwa udindo woyang'anira chuma mu 1781, ndipo anadalira dzina lake ndi siliva wa ku France. Mu Sepitembala chaka chimenecho, asilikali ali pa ulendo wopita ku Virginia, anawalipira mwezi umodzi ndi ndalama zachitsulo zobwereka kwa Afalansa. Kwa ambiri aka kanali koyamba m'zaka zingapo kumva ndalama ikulira m'dzanja. Pa 19 Okutobala Cornwallis, mkulu wa asilikali a Angerezi, anagonja ku Yorktown.

Chilondacho chinalowa m'malamulo. Mu 1787, polemba malamulo oyendetsera dziko, analetsa madera kusindikiza ndalama zamapepala kapena kukakamiza munthu kulandira china kupatula golide ndi siliva pa ngongole, ndipo boma lalikulu analipatsa chimene Congress yakale inasowa, mphamvu yodula msonkho. Mawu opatsa boma lalikululo mphamvu yosindikiza mapepala anawafafaniza m'chikalatacho. Panapita zaka zoposa 70 boma la America lisanatulutsenso pepala lokakamiza anthu kulandira, ndipo linatero mu 1862, pa nkhondo inanso, yapachiweniweni. M'zaka zonsezo agogo ankauza adzukulu za ndalama imene ometa tsitsi ankamata pakhoma, ndipo dzina lake linakhala muyeso wa chilichonse chopanda pake: khasu losalimba, kavalo wokalamba, lonjezo la wandale.

Nanga amene anasunga mapepala awo m'bokosi, akudikira kuti dziko likadzaima lidzakumbukira? Linakumbukira mwa mtundu wake. Alexander Hamilton atakhala nduna ya zachuma, lamulo la pa 4 Ogasiti 1790 linavomereza ngongole zina za nkhondo pa mtengo wake wonse, ndipo amene anapindula kwambiri anali amalonda omwe anagula makalata angongolewo motchipa kwa asilikali osowa. Koma Continental inawerengedwa 100 pa dola imodzi, ndiponso osati ndalama m'manja, koma kalata ina yangongole ya boma. Ochepa okha ndiwo anadzivutitsa kupita nayo. Werengani nokha: msilikali amene anasunga malipiro ake a mwezi wathunthu, madola 6 ndi magawo awiri mwa atatu aja, kuchokera ku Valley Forge mpaka 1790, akadalandira kalata ya masenti osakwana 7.